Chifukwa chake pulogalamu imayenda pa kompyuta ina n'kukana pa inzake

Mukatenga fayilo ya .exe ya Windows n'kuyika pa kompyuta ya Linux, imakana kutseguka ngakhale makina onse awiri ali ndi purosesa yofanana ya Intel. Fayiloyo sinawonongeke ayi. Pulogalamu yomangira yotchedwa compiler, posandutsa zimene munthu analemba kukhala malangizo a makina, inasoka chovala cha thupi limodzi lokha.

Muyeso woyamba ndi chilankhulo cha purosesa. Ma Intel ndi AMD ambiri amamva x86-64, pomwe mafoni ambiri ndi ma Mac a M1, omwe anayamba mu 2020, amamva ARM64. Pa Linux, lamulo la uname -m limakuuzani za makina anu, ndipo lamulo la file limakuuzani za fayiloyo. Likati x86-64 pamene makina akuti aarch64 (dzina lina la ARM64), vuto mwalipeza kale.

Koma purosesa ikagwirizana, nkhani sinathe. Fayilo ya Windows imayamba ndi zilembo MZ ndipo kapangidwe kake ndi PE. Linux imayembekeza ELF, macOS imayembekeza Mach-O. Ngakhale mutaitsegula mokakamiza, pulogalamu payokha siingalembe pa disiki kapena kuonetsa kanthu pa sikirini. Imachita kupempha kwa operating system, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo monga Windows kapena Linux, ndipo kapemphedwe kake n'kosiyana. Pa Linux ya x86-64, pempho loti "lemba" ndi nambala 1. Pa Linux yomweyo ya ARM64 ndi 64. Pulogalamu ya Windows imadzera mu mafayilo othandizira otchedwa ma DLL, ngati kernel32.dll, omwe pa Linux kulibe.

Apa ndi pomwe anthu amasokoneza zida zoyendetsera pulogalamu pa makina amene sinamangidwire. Wine, yomwe inayamba mu 1993, imatsegula fayilo ya PE n'kuipatsa ma DLL akeake omwe amamasulira mapempho a Windows kukhala a Linux. Malangizo a purosesa siiwakhudza n'komwe, n'chifukwa chake imathamanga bwino, komanso n'chifukwa chake Wine payokha siingayendetse .exe ya Intel pa makina a ARM. Imalepheranso pa madiraiva a Windows (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) omwe amafuna kulowa mkati mwa kernel, mtima wa operating system. Rosetta 2 ya Apple ntchito yake ndi ina: imamasulira x86-64 kukhala ARM64, koma ya macOS yomweyo. Imachita zimenezi nthawi yoyamba, n'kusunga zomasulirazo, motero kutsegula koyamba kumachedwa. QEMU nayo imamasulira purosesa, koma imatero pulogalamu ili mkati moyenda, ndipo liwiro limatsika moonekeratu.

Docker, chida cholongedza pulogalamu ndi zonse zimene imafuna mu phukusi lotchedwa image, siithetsa vuto la purosesa, ngakhale ambiri amaikhulupirira. Image yomangidwa pa Mac ya M1 ikaikidwa pa seva ya Intel imafa ndi uthenga woti "exec format error". Pomanga onjezerani --platform linux/amd64.

Msampha wobisika kwambiri uli pakati pa Linux ndi Linux inzake. Purosesa n'yomweyo, ELF n'yomweyo, koma pulogalamu ikudandaula kuti "GLIBC_2.34 not found". Chachitika n'chakuti inamangidwa pa makina okhala ndi glibc yatsopano (glibc ndi library, kutanthauza fayilo ya malangizo okonzedwa kale, imene mapulogalamu ambiri a Linux amadalira), n'kupita pa makina a glibc yakale. Glibc yatsopano imalandira mapulogalamu akale, koma yakale siidziwa za mtsogolo. Choncho mangirani pa Linux yakale kwambiri imene mukufuna kuthandiza, osati pa yanu yamakono. Njira ina ndi kumatirira zonse mkati mwa fayilo imodzi pogwiritsa ntchito musl, library ina yogwira ntchito ya glibc. Fayiloyo imakula, ndipo library ina ikapezeka ndi bowo la chitetezo muyenera kumanganso nokha. Lamulo la ldd limaonetsa ma library onse amene pulogalamu ikudalira, ndi amene akusowa.

Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu, kuyambira 1995, inazemba zonsezi pomangira makina ongoyerekeza otchedwa JVM. Fayilo imodzi ya .jar imayenda paliponse, koma JVM yake ndi imene inamangidwa padera pa makina alionse. Nayonso ili ndi malire: yomangidwira Java 17 ikapita pa Java 8 imakana ndi UnsupportedClassVersionError.

Nanga universal binary ya Apple, fayilo imodzi yoyenda pa ma Mac a Intel ndi a ARM omwe? Kunena zoona imeneyo inamangidwa kawiri, ya Intel ndi ya ARM, n'kuikidwa mu fayilo imodzi. Lamulo la lipo -info limakuonetsani zonse ziwiri zili mkatimo, ndipo macOS imangosankha yoyenera makinawo.