Setifiketi ya "naturopathy" ili pakhoma ija inachokera kuti?

Mukamayenda m'tauni ya Mzuzu kapena ku Chibavi mumaona zikwangwani za "dokotala wa mankhwala achilengedwe". Mukalowa, mabotolo a ufa wa chammwamba ndi nimu ali ndandanda, mwini malo wavala gauni yoyera, pakhoma pali setifiketi yolembedwa kuti naturopathy. Anthu amakangana: kodi ameneyu ndi dokotala ngati a kuchipatala chachikulu aja?

Mkanganowu sunayambire kuno. Mjeremani wina, Benedict Lust, anaphunzira kuchiza ndi madzi kwa wansembe Sebastian Kneipp, nkupita nazo ku America. Cha m'ma 1901 anatsegula sukulu ku New York yophunzitsa naturopathy, kutanthauza kuchiza ndi madzi, zakudya, zitsamba ndi dzuwa. Koma mu 1910 katswiri wa zamaphunziro Abraham Flexner, atayendera sukulu 155 za udokotala ku America ndi ku Canada, analemba lipoti lakuti sukulu yopanda labotale ndi chipatala chophunzirirapo isamatulutse madokotala. Zambiri zinatsekedwa, ndipo njira zina zochizira zinakankhidwira pambali.

Naturopathy sinafe. Ku America komweko sukulu ina inatsegulidwa mumzinda wa Portland mu 1956, ina yotchedwa Bastyr mu 1978. Kumeneko amaphunzira zaka zinayi, za thupi la munthu amaziwerengadi, ndipo amalemba mayeso otchedwa NPLEX. Eni ake amati zimenezi zikukwanira. Otsutsa amati ayi: pamaphunziro omwewo pali homeopathy, mankhwala osungunulidwa m'madzi mobwerezabwereza mpaka osatsalamo kanthu, komanso ambiri amatsiriza osagwirapo ntchito mu wodi ya odwala kwambiri. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa wodipo. Buku silingakuphunzitse kapumidwe ka mwana amene chibayo chamufika pakhosi.

Kwathu kuno, chitsegulire College of Medicine mu 1991, womaliza udokotala amayamba wagwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi akuluakulu, kenako bungwe la Medical Council of Malawi nkumulemba m'kaundula mokwanira. Asing'anga athu, ngakhale Nchimi Chikanga wa ku Rumphi uja, sankadzitama ndi sukulu; ankati mphamvu zawo nzochokera kwa mizimu kapena kwa makolo. Wa gauni yoyerayu ndiye akudzitama ndi sukulu. Nchifukwa chake sikulakwa kumufunsa kuti, "Achimwene, setifiketiyi munaiphunzirira zaka zingati, ndipo odwala munkawaonera chipatala chiti?" Zina mwa setifiketi zoterezi zimabwera pa intaneti, munthu ali pakhonde pake ku Katoto.