Kodi lamba woletsa magazi amadulitsa mwendo?

Pali mphekesera yakuti munthu wovulala akamangidwa lamba woletsa kutaya magazi, wotchedwa tourniquet, ndiye kuti mwendo wakewo udulidwa basi. Zimenezi si zoona. Ophunzira zaudokotala amene amakonzekera kuthandiza ovulala pankhondo, monga ku Ukraine kumene nkhondo inakula mu 2022, amaphunzitsidwa kumanga lambayu mwamsanga, chifukwa munthu amene mtsempha waukulu wa pantchafu yake wang'ambika akhoza kumwalira m'mphindi zochepa chabe. Amamanga kumtunda kwa bala, n'kulimbitsa mpaka magazi atasiya kutuluka, kenako amalemba pa lambapo nthawi imene amangira. Nthawiyo ndi yofunika kwambiri, popeza kawirikawiri chiwalo sichiwonongeka lamba akakhalapo osapitirira maola awiri. Vuto limabwera wovulalayo akachedwa kufika kwa dokotala wa opaleshoni, zimene zimachitikadi kumene kukumenyedwa nkhondo.