Mathanki awiri a madzi a mvula safuna pampu nthawi zonse

Mvula ikakhazikika muno mu Lilongwe, cha mu Disembala, thanki imodzi sichedwa kudzaza. Denga la masikweya mita 100 limagwetsa malita pafupifupi 1,000 pa mvula ya mamilimita 10 okha. Ndiye ambiri akagula thanki yachiwiri amathamangiranso pampu, ati madzi sangasamuke okha.

Amasamuka ndithu. Lumikizani mathankiwo ndi paipi cha kumunsi, muike valavu yotsekera madzi pakati. Madzi amayenda okha mpaka atalingana msinkhu mbali zonse ziwiri, kaya magetsi azima kaya ayi. Chofunika n'chakuti milomo ya mathankiwo ifanane kutalika. Ina ikakhala yotsika imasefukira inzake isanadzaze, ndiye ikwezeni ndi njerwa ndi simenti. Valavuyo musaiwale: thanki imodzi ikabooka mumatseka, apo ayi madzi onse athera pansi.

Pampu imafunika pokweza madzi kupita m'thanki ya pansanja, yopatsira shawa mphamvu. Apanso anthu amalakwitsa poiika pamwamba. Pampu imakankha bwino kuposa kukoka, choncho malo ake ndi pansi, pafupi ndi thanki yomwe ikutungamo. Thankiyo ikauma zimitsani pampuyo msanga, chifukwa ikazungulira yopanda madzi imapsa.