Chithunzi chikadera sikuti chada ndi litsiro

Ine ndimakonza zithunzi zakale zopaka utoto, ndipo funso ili landitopetsa: "Bwanji osachitsuka kuti chiwale?" Munthu waima patsogolo pa chithunzi cha Pieter Claesz kapena Willem Claesz Heda, akuona buledi, nsomba, mpeni, ndimu losendedwa khungu lake likulendewera m'mphepete mwa tebulo, basi iye akuti ndi litsiro. Ayi ndithu. M'zaka za m'ma 1630 amisiri awiriwa a ku Haarlem, mzinda wa ku Netherlands, ankasankha dala utoto wotuwa ndi wodera, kuti kuwala kochepa kogwa pa tambula ya vinyo ndi pa mbale yachitsulo kuoneke bwino. Kaoneni cha Heda cha 1635, cha chikho chokutidwa ndi golide, ku Rijksmuseum, nyumba yosungiramo zithunzi ndi zinthu zakale ku Amsterdam. Amachisamala akatswiri, koma n'chotuwabe.

N'zoona kuti vanishi akakalamba amasanduka wachikasu. Ameneyo timamuzindikira ndi nyale ya UV (ya kuwala kosaoneka ndi maso), amawala mobiriwira, ndipo tisanamuchotse timayesa kaye ndi kathonje pakamalo kochepa ngati njere ya mpunga.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kachithunzi ka pathabwa kamene mayi wina anandibweretsera. Wojambula wake, wa nthawi ya Claesz ndi Heda, sanali wotchuka, koma dzanja lake linali labwino. Mayiwo anayamba akapereka kwa munthu wokonza mipando, amene anati ndi ntchito ya ola limodzi, nakapukuta ndi spiriti. Komatu ojambula a nthawi imeneyo ankamaliza ndi utoto wopyapyala woonekera mkati, wopaka pamwamba pa unzake. Ndi umene umachititsa mphesa kuoneka yamadzi ndi tambula kuoneka yagalasi. Wonsewo unatsalira pa sanza. Ndimu linangokhala gwaa, ngati lodula papepala. Mayiwo anandifunsa kuti, "Simungalibwezeretse, bambo?" Ndinawauza zoona: bala ndingalibise, koma zimene anapaka mwiniwake zaka pafupifupi 400 zapitazo zinapita basi.

Chonde, anyezi, mbatata, sopo, mafuta ophikira, zonse zimene mumamva pa intaneti kuti n'zotsukira zithunzi, musayese. Utoto woyera wa nthawi imeneyo uli ndi mtovu, wina wachikasu uli ndi arsenic. Ndi poizoni, si wokhudza ndi manja wamba.

Ndipo mukaona utoto wa pa chithunzi chanu wayamba kutukuka kapena kugwa timakoko, musadikire chaka chamawa. Chitsitseni pakhoma, chigonekeni chagada kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, timakoko takugwato musunge m'kaenvulopu, muitane katswiri wokonza zithunzi. Akafika, mufunseni kuti ayesa ndi chiyani. Akangotulutsa botolo ndi sanza asanayese, mubwezeni pakhomo.