Fupa likang'aluka, funsani za m'mbale

Matimu ambiri amasewera m'makoleji a ku America amakhala ndi athletic trainer. Ameneyu si kochi ayi. Ndi wazachipatala amene amamanga akakolo ndi bandeji, kuika ayezi pa bondo lotupa, ndi kuitana dokotala zikavuta. Amaona wothamanga m'mawa ndi madzulo omwe, kotero ine ndimati ngati pali munthu woyenera kuphunzitsidwa kuzindikira njala yobisika ya othamanga, ndi iyeyu.

Njala imeneyi imabwera pamene chakudya chikuchepera ntchito imene thupi likugwira. Mu 1992 bungwe la American College of Sports Medicine linaitcha Female Athlete Triad, litaona zinthu zitatu zoyendera limodzi mwa atsikana: kudya mosakwanira, kusiya kusamba ndi kufooka kwa mafupa. Mu 2014 IOC, komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki, inabweretsa dzina lakuti RED-S, kutanthauza kuperewera kwa mphamvu m'thupi mwa ochita masewera, poti anyamata nawonso imawagwira.

Tengani mtsikana wolemera makilogalamu 55, amene 45 mwa iwo ndi minofu, mafupa ndi ziwalo, kupatula mafuta. Wadya makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 2,000 pa tsiku, kuthamanga kwatenga 800. Atsala 1,200, ndipo mukawagawa ndi 45 mupeza pafupifupi 27 pa kilogalamu iliyonse. Thupi limafuna makalori pafupifupi 45 pa kilogalamu iliyonse. Kafukufuku wa Anne Loucks ku Ohio University anaonetsa kuti zikatsika pansi pa 30, mahomoni oyendetsa msambo amayamba kusokonezeka. Thupi limachita ngati banja la m'mwezi wa February: limasiya kumanga nyumba kuti lisunge ufa. Msambo umaima, mafupa sakonzedwanso, ndipo mwa anyamata homoni yachimuna ya testosterone imatsika.

Chosokoneza n'chakuti sikelo imanama. Thupi likachepetsa moto wake, munthu akhoza kulemera chimodzimodzi miyezi yambiri. Ndiye pophunzitsa timauza ma trainer kuti ayang'ane zina. Mtsikana amene savula jekete m'chipinda chofunda, mapazi ake ali zii pamene mukumumanga bandeji. Chimfine chosatha. Msongolo umene ukupwetekanso pamalo amodzi, ukaudina ndi chala iye n'kudumpha. Mtima wogunda pang'onopang'ono, umene aliyense akuutamanda kuti ndi chizindikiro cha mphamvu. Ambiri mwa anawa sadana ndi chakudya. Kalasi inangogundana ndi nthawi ya nkhomaliro, anamwa khofi basi, n'kupita kukathamanga.

Funso limene limavuta kutuluka pakamwa ndi la msambo, makamaka kwa trainer wamwamuna. Koma miyezi itatu osasamba si chinthu chachizolowezi kwa wothamanga, ngakhale anzake amuuze kuti aliyense amatero. Funsaninso ngati akumwa mapiritsi olera, chifukwa magazi obwera ndi mapiritsiwo amaphimba vutoli. Mary Cain, amene anali katswiri wothamanga ali mtsikana wamng'ono, anaulula mu 2019 kuti anakhala zaka zitatu osasamba ndipo anathyoka mafupa asanu atakakamizidwa kuonda.

Trainer sachiza yekha. Amatumiza mwanayo kwa dokotala ndi katswiri wa kadyedwe, kenako n'kukakambirana ndi kochi kuti mtunda wothamanga uchepe, ndipo apa ndiye pamakhala mkangano, makamaka mpikisano ukayandikira. Changu chake n'chakuti mafupa amamaliza kukhwima munthu asanakwane zaka 30, ndipo zimene zatayika pa zaka 19 kawirikawiri sizibwerera zonse.