Malaiti a Lusaka: za boma ndi ziti, za kwathu kuno ndi ziti?

Malaiti akapita ku Chawama kapena ku Matero, anthu amathamangira kwa a khansala, koma iwo alibe pokanikiza kuti abwere. Magetsi athu amachokera kutali, ku malo opangira magetsi ndi madzi: Kafue Gorge Upper ingathe kutulutsa 990 MW (megawati, muyeso wa mphamvu ya magetsi), Kafue Gorge Lower 750 MW, Kariba North Bank 1,080 MW. Amabwera pa nthambo za 330 kV (mavoti 330,000) mpaka ku siteshoni yotsitsira magetsi ya Leopards Hill, amatsitsidwa pang'onopang'ono kufika 11 kV, kenaka transifoma ya m'komboni imawasandutsa 230 V a m'nyumba.

Nthambo zonsezi ndi thupi limodzi, ndipo liyenera kuyenda pa liwiro limodzi la 50 Hz. Madzulo masitovu akayaka paliponse, makina opanga magetsi amalemedwa, liwiro lake n'kutsika. Mukapanda kudula madera ena msanga, makinawo amadzizimitsa okha podziteteza, dziko lonse n'kugwa mumdima. N'chifukwa chake wogawa ayenera kukhala mmodzi, ZESCO, ndipo mitengo imavomerezedwa ndi ERB, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ngakhale boma lili ndi polekezera: madzi a Kariba amagawidwa ndi Zambezi River Authority pakati pa ife ndi Zimbabwe. Chilala cha 2024 chitavuta, nyumba zambiri zinkakhala maola 21 popanda malaiti, ndipo palibe meya akanadzaza damu.

Nkhani yopanga magetsi ndi nyukiliya ndiye ya boma kotheratu. Makina aakulu amodzi amatulutsa 1,000 MW kapena kupitirira, pomwe akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a magetsi a dziko, chifukwa akazima mwadzidzidzi pafunika ena ogwira pomwepo. Kwathu akanakhala pafupifupi kota. Onjezani ngongole, zinyalala zoopsa kwa zaka masauzande, ndi mapangano ndi IAEA, bungwe la padziko lonse loyang'anira za nyukiliya. Khonsolo singasenze katundu wotere.

Komabe makinawo samangidwa m'malere. Mu 2018 boma linasaina pangano ndi Rosatom, kampani ya nyukiliya ya boma la Russia, lomanga malo a kafukufuku ku Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, okhala ndi riyakitala (makina a nyukiliya) ya 10 MW. Imeneyo si yoyatsa nyumba ayi, ndi yofufuzira ndi kupanga mankhwala a m'zipatala. Mfumu yaikulu ya Asoli a m'deralo, Nkomeshya Mukamambo II, inakana, ndipo ine ndikuona kuti mafunso a eni nthaka ndi oyenera kuyankhidwa pepala lisanasainidwe. Madzi oziziritsira adzachokera kuti, pomwe mtsinje wa Chongwe umaphwa m'chilimwe? Ngozi itachitika, anthu adzathawira msewu uti, ndipo adzawauza ndani? Lipoti lopita ku ZEMA, bungwe loteteza chilengedwe, liwerengedwe pabwalo m'Chisoli ndi m'Chinyanja, osangoliika pa shelefu mu ofesi.

Mphamvu yeniyeni ya dera ili kumunsi kwa 11 kV, ndipo tikuinyozera. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zingaike sola ndi mabatire pa kiliniki ndi pa mjigo, kuti katemera asaonongeke m'firiji ndiponso pampu isaime. Malamulo a net metering a 2024 amalola sukulu kapena msika wokhala ndi sola kubweza magetsi otsala mu nthambo za ZESCO. Khonsolo ikamagawa mapuloti, isiye malo a mapolo ndi transifoma, ndipo iwerengere katundu wake. Transifoma yoikidwira nyumba zochepa, zikaonjezeka zigayo ndi owotcherera zitsulo, mafuta ake amatentha, mababu amafiira madzulo, mafyuzi amaduka kawirikawiri, mapeto ake imapsa ngakhale Kariba itadzaza.