Khanda la ku Caernarfon silinaperekedwe kwa anthu a ku Wales

Alendo akafika ku Caernarfon, tauni yaing'ono ya kumpoto m'dziko la Wales ku Britain, amamva nkhani iyi: akuti Mfumu Edward I ya ku England idalonjeza anthu a ku Wales kalonga wobadwira kwawo, wosadziwa liwu ngakhale limodzi la Chingerezi, kenaka n'kuwanyamulira khanda lake. Nkhaniyi ndi yokoma, koma si yoona.

Mwanayo, amene adadzakhala Edward II, adabadwiradi ku Caernarfon pa 25 April 1284. Koma panthawiyo mkulu wake, Alphonso, adali moyo ndipo ndiye ankayembekezeka kulowa ufumu. Alphonso adamwalira mu August chaka chomwecho. Udindo wa Kalonga wa Wales mnyamatayo adaulandira mu 1301, ali ndi zaka 16, ku Lincoln, kutali ndi Caernarfon. Nkhani ya lonjezoyi idayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1500, patapita zaka pafupifupi 300. Ndiponso kunyumba yachifumu ankayankhula Chifalansa, choncho sichikadakhala chachilendo kuti kalonga asadziwe Chingerezi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bodzali limaphimba zimene zidachitikadi. Linga la ku Caernarfon Edward I adayamba kulimanga mu 1283, atangogonjetsa Wales pankhondo. Misewu yowongoka ya m'kati mwa mpanda wa tauniyo adaikonzera anthu ochokera ku England, eni malo atachotsedwapo. Mu 1294 anthu a ku Wales, motsogozedwa ndi Madog ap Llywelyn, adaukira, nalanda lingalo ndi kutentha tauniyo.

Lero mukayenda m'misewu ya tauniyi monga Hole in the Wall Street kapena Palace Street, chiyankhulo chimene mumve kwambiri ndi cha eni ake a ku Wales.